Galu wanga wadya khoswe amene mphaka anasiya, kodi pali choopsa?

NaBanda

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu odziwa za ziweto. Usiku wathawu mphaka wathu anagwira khoswe wamkulu, anadya mutu wokha n'kusiya thunthu kuseri kwa khitchini. M'mawa uno cha m'ma 6 koloko ana apeza galu akumalizitsa, wameza zonse ndi mchira womwe. Pano ndi 9 koloko, ali bwinobwino, wadya mkute wake ndipo akusewera. Ndi galu wachikuda wa zaka ziwiri, amalemera makilogalamu 12, katemera wa chiwewe anabayidwa chaka chatha. Ife pakhomo pano sitithira mankhwala a makoswe. Aneba ena akuti ndimumwetse mkaka wosakaniza ndi makala osinja, ena akuti madzi a mchere kuti asanze. Ndichite zimenezi? Nanga khoswe angamupatsire matenda anji?

Mlangizi wa ziweto

Mayi NaBanda, madzi a mcherewo asiyeni ndithu. Mchere wokwanira kusanzitsa galu ndi wokwaniranso kumuvulaza ubongo, ndipo akapanda kusanza wonsewo umalowa m'magazi. Amayamba kunjenjemera ndi kukomoka, mpaka kufa ndi mchere pomwe khosweyo analibe vuto. Mkaka, mazira aawisi ndi mafuta ophikira sizichotsa poizoni m'thupi. Makala a pambaula nawonso ndi osiyana ndi a kuchipatala aja a activated charcoal. Osinjawo sagwira poizoni mokwanira, mungangomutsamwitsa nawo galu.

Nyama ya khoswe payokha siopsa kwa galu wamkulu wathanzi. Timafupa tating'ono ngati timeneto chifu chake chimagaya, ubweya umatuluka ndi chimbudzi. Chodetsa nkhawa ndi chimene khosweyo anadya asanagwidwe. Mwati simuthira mankhwala, koma khoswe sadziwa malire a mpanda: amakadya nyambo kwa aneba kapena pagolosale n'kudzafookera pakhomo panu. Khoswe wodya poizoni ndi amenenso mphaka amamugwira mosavuta, chifukwa amayenda mwaulesi ndipo amatuluka ngakhale masana. Ndiye onani mmene agawanira: mphaka watenga mutu, galu watenga thunthu. Chifu, matumbo ndi chiwindi, momwe mumakhala poizoni wambiri, zapita kwa galu.

Choncho ntchito yoyamba ndi kuyenda nyumba zoyandikana nazo pompano. Musakhutire ndi yankho loti "ndi mankhwala a makoswe", apempheni akuonetseni paketi kapena mankhwalawo, chifukwa mitundu yake imagwira mosiyana kwambiri.

Woyamba ndi tameki, timibulu takuda togulitsidwa m'timapepala pamsika. Dzina lake lenileni ndi aldicarb, ndipo anapangidwira tizilombo ta m'munda. Sachedwa: pakangotha mphindi zingapo mpaka ola limodzi kapena awiri galu amachucha dovu, kusanza, kutsegula m'mimba, minofu kunjenjemera, kadontho kakuda ka m'diso kumachepa ngati mutu wa singano, kenako kupuma kumavuta. Wofunika ndi jakisoni wa atropine kwa dokotala wa ziweto, ola lomwelo. Kwa inu maola atatu atha galu akusewera, ndiye tameki ndi wokayikitsa.

Wachiwiri ndi zinc phosphide, ufa wotuwa modera wonunkha ngati adyo kapena nsomba yoola. Ukakumana ndi asidi wa m'chifu umatulutsa mpweya wa phosphine, womwe uja umatuluka m'mapiritsi osungira chimanga. Zizindikiro nthawi zambiri zimaoneka pasanathe maola anayi, ngakhale zimatha kuchedwa mpaka maola 18. Galu akasanza, masanziwo ndi oopsa kwa anthu: tsegulani mazenera, ana atalikire, musaweramirepo nkhope.

Wachitatu ndi amene amapusitsa anthu. Ndi nyambo za m'masitolo zija zobiriwira, zabuluu kapena zapinki, zina ngati timabuloko, zina ngati tirigu wopakidwa utoto. Zimalepheretsa magazi kuundana, ndipo galu amaoneka wathanzi masiku awiri kapena atatu oyamba. Kusewera kwa lero sikukuuzani kanthu za mtundu umenewu. Mukapeza paketi, lembani pano dzina la mankhwala limene lili m'zilembo zing'onozing'ono ndi peresenti yake.

Achimwene a ku labotale

Ndikugwirizana ndi a Mlangizi kuti poizoni ndiye wachangu. Ine ndiyankhe funso lanu lachiwiri, la matenda.

Chimene chimachitika kawirikawiri ndi njoka za m'mimba. Makoswe ndi mbewa zimasunga mphutsi za njoka zobulungira zija, Toxocara ndi Toxascaris, m'minofu mwawo. Galu akadya nyamayo mphutsi zimamasuka n'kukulira m'matumbo mwake. Apa ambiri amalakwitsa nthawi: amathamangira kupereka piritsi la njoka tsiku lomwelo n'kuyesa kuti zatha. Mapiritsi ambiri amagwira bwino njoka zimene zakula kale, ndipo mphutsizi zimatenga masabata anayi kapena kuposerapo kuti zikule. Werengani masabata anayi kuchokera lero ndi kumupatsa pamenepo, kenako miyezi itatu iliyonse. Galu kapena mphaka wogwira makoswe kawirikawiri ndi bwino kumupatsa mwezi ndi mwezi.

Pogula onani kuti piritsilo lili ndi praziquantel pamodzi ndi pyrantel, lina limakhalanso ndi febantel. Praziquantel ndi amene amapha njoka zaphanthiphanthi zija, pa mlingo wa 5 mg pa kilogalamu iliyonse. Mapiritsi ambiri a agalu anapangidwa kuti limodzi likwanire makilogalamu 10, ndiye wanu wa makilogalamu 12 limodzi lichepa. Tsatani tebulo la papaketi, nthawi zambiri likhala limodzi ndi theka. Musamubaye ivermectin wa ng'ombe ndi mbuzi: sapha njoka zaphanthiphanthi, ndipo ndi wamphamvu moti kulakwitsa mlingo pang'ono galu amadzandira ndi kuchita khungu. Albendazole wa anthu nayenso musamupatse mwa inu nokha, amatha kuononga mafuta a m'mafupa amene amapanga magazi.

Njoka yaphanthiphanthi imene mphutsi yake imakhala m'chiwindi cha khoswe, Taenia taeniaeformis, imakulira makamaka mwa mphaka, mwa galu si kwenikweni. Mukadzaona tizidutswa toyera ngati mpunga pansi pa mchira wa galu, kawirikawiri ndi mtundu wina umene umabwera akameza nthata podzinyambita. Pamenepo piritsi lokha silikwanira, muyenera kuthananso ndi nthata pa galu, pa mphaka ndi pogona pawo.

Matenda amene ine ndimawaopa kuposa njoka ndi leptospirosis. Tizilombo take timakhala mu impso za makoswe n'kumatuluka ndi mkodzo, ndipo timachuluka nyengo ya dzinja pamene madzi adikha m'zithaphwi. Galu amatenga podya khoswe kapena pomwa madzi amene makoswe akodzeramo. Zizindikiro zimabwera patatha masiku 4 mpaka 12: kutentha thupi, kukana chakudya, kusanza, kumwa madzi kwambiri, kukodza kwambiri kapena kusakodza n'komwe, maso ndi nkhama kuchita chikasu. Thupi la galu limatentha madigiri 38 mpaka 39.2, likadutsa 39.5 ali chigonere pamthunzi, wadwala. Amachira ndi doxycycline wa masabata awiri akamuyamba msanga, koma akachedwa impso zimaonongeka. Matendawa amagwiranso anthu kudzera mu mkodzo wa galu wodwalayo, choncho popukuta valani magolovesi kapena jumbo kumanja. Dziwaninso kuti katemera wa chiwewe uja ndi wa chiwewe chokha. Wa leptospirosis ali m'katemera wina wophatikiza matenda angapo, ndipo pakhadi pamaoneka chilembo L.

Toxoplasma (kachilombo kamene kamakhalanso m'nyama ya makoswe) anthu amaitchula kwambiri pakakhala mphaka, koma galu wamkulu wathanzi nthawi zambiri sadwala nayo. Imavuta kwa tiana ta agalu ndi agalu ofooka kale ndi matenda ena. 

NaBanda

Zikomo kwambiri nonse. Ndafunsa nyumba zinayi. A golosale ya kuseri kwathu anaika timabuloko tabuluu m'chipinda chosungira katundu Loweruka lapitali, masiku asanu apitawo. Andionetsa paketi, palembedwa brodifacoum 0.005%. Akuti timabuloko tina tadyedwa ndithu. Pano yakwana 11 koloko, galu akadali bwino. Ndidikire ndione kaye, kapena ndipite naye?

Mlangizi wa ziweto

Mwachita bwino kukafunsa, Mayi: brodifacoum ndi wa mtundu wachitatu uja, wolepheretsa magazi kuundana. Musadikire zizindikiro. Lankhulani ndi dokotala wa ziweto lero lomwe, ndipo mutenge chithunzi cha paketiyo pafoni.

Tiwerengere limodzi kuti muone pamene muli. Peresenti ya 0.005 ikutanthauza 50 mg ya brodifacoum pa kilogalamu ya nyambo, kapena kuti 0.05 mg pa galamu imodzi. Khoswe wamkulu amadya magalamu 20 mpaka 25 patsiku. Tiyerekeze zoipitsitsa, kuti anadya nyambo yokhayokha ndipo yonse inali ikadali m'mimba: ndiye pafupifupi 1 mg. Kwa galu wa makilogalamu 12 imeneyo ndi pafupifupi 0.1 mg pa kilogalamu. Mlingo umene umatha kupha theka la agalu oudya umayambira cha pa 0.25 mg pa kilogalamu, kutanthauza 3 mg kwa galu wanu. Ndiye khoswe mmodzi nthawi zambiri safika pamenepo, n'chifukwa chake agalu akuluakulu ambiri amapulumuka. Koma mpata wake si waukulu. Khoswe wodya brodifacoum safa tsiku lomwelo, amapitiriza kudya nyamboyo masiku angapo poizoni akuunjikana m'chiwindi, ndipo nyambo ya a golosale yakhalapo masiku asanu. Simukudziwanso ngati uyu ndi khoswe woyamba amene galuyo watola sabata ino. Akanakhala kamwana ka galu ka makilogalamu atatu, khoswe yemweyo akanakwanira kukapha. Ikanakhala nyambo ina yotchedwa bromadiolone nkhawa ikanachepa, chifukwa imafuna mlingo woposa 10 mg pa kilogalamu, koma brodifacoum ndi imodzi mwa zamphamvu kwambiri.

Chimene chimachedwetsa zizindikiro ndi ichi. Chiwindi chimagwiritsa ntchito vitamini K popanga zinthu zoundanitsa magazi, ndipo poizoniyu amatseka njira imene thupi limabwezeretsera vitamini ameneyo. Zoundanitsa zimene zinapangidwa kale zimagwirabe ntchito tsiku limodzi kapena awiri. Zikatha, zatsopano palibe, ndipo magazi amayamba kutayika tsiku lachitatu mpaka lachisanu, nthawi zina lachisanu ndi chiwiri.

Kusanzitsa kumathandiza m'maola awiri oyamba. Kwa inu maola asanu atha, ndiye zimenezo zisiyeni. Dokotala atha kumupatsa activated charcoal ngati waona kuti ikadali nthawi yake. Kupatula pamenepo pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kuyeza magazi kuti aone nthawi imene akutenga kuundana, kumene amati PT, pakatha maola 48 mpaka 72 chidyereni khoswe. Kuyeza lero sikuthandiza, zotsatira zituluka zabwino ngakhale poizoni alimo. Zikatuluka zabwino pa maola 72, galu wanu wapulumuka ndipo safunika mankhwala. Mukasankha njira imeneyi musamupatse vitamini K asanayezedwe, chifukwa amabisa vutolo. Yachiwiri, ngati kumene muliko sangathe kuyeza, ndi kungoyamba vitamini K1 osadikira.

Mlingo wa K1 ndi 2.5 mpaka 5 mg pa kilogalamu patsiku, wogawa m'mawa ndi madzulo, ndiye kwa galu wanu ndi 30 mpaka 60 mg patsiku malinga ndi mmene dokotala alembere. Apatsidwe pamodzi ndi chakudya chamafuta pang'ono, monga usipa wokazinga kapena dzira, chifukwa vitamini ameneyu amalowa bwino m'thupi ndi mafuta. Kwa brodifacoum ndi masiku 28 osadumphitsa. Apa ndi pamene agalu ambiri amatayikira: mwini amaona galu ali bwino pakatha sabata, amasiya mankhwala, poizoni akadali m'chiwindi, ndipo masiku angapo otsatira magazi amayamba kutayika. Mukamaliza masiku 28, ayezedwenso pakatha masiku awiri kapena atatu. Onetsetsani kuti ndi K1, dzina lina phytomenadione. Mavitamini a ufa a nkhuku aja amakhala ndi K3, amene sagwira ntchito pa poizoniyu.

Sabata ino muzimuyang'ana m'mawa ndi madzulo. Tukulani mlomo wa m'mwamba muone nkhama: zikhale zapinki, ndipo mukadina ndi chala n'kuchotsa, mtundu ubwerere pasanathe masekondi awiri. Ngati nkhama zake ndi zakuda mwachibadwa, tsitsani chikope cha m'munsi muone mkati mwake. Akagona werengani kupuma kwake kwa mphindi yathunthu. Pakati pa 10 ndi 30 ndi bwino, kupitirira 40 ali phee ndi chizindikiro choipa. Musayembekezere kuona magazi ndi maso. Kawirikawiri amatayikira mkati, m'chifuwa kapena m'mimba, ndipo chimene mumaona ndi galu wofooka, wopuma mwabefu, wotsokomola, wa nkhama zoyera. Zina ndi kamfuno, chimbudzi chakuda ngati phula, mkodzo wofiira, kutsimphina popanda bala, kapena chotupa chofewa pansi pa khungu. Chimodzi mwa izi chikaoneka, ngakhale usiku, pitani naye. Vitamini K1 amatenga maola 6 mpaka 12 kuti ayambe kugwira, ndiye galu amene wayamba kale kutaya magazi angafunike kumuonjezera magazi.

Masiku amenewa akhale pakhomo, asathamangitsane kapena kulumana ndi agalu anzake, ndipo musamumange ndi tcheni chokoka pakhosi. Musamupatse aspirin, Brufen, diclofenac kapena Indocid, zonsezi zimaonjezera kutaya magazi. Ngati muli ku Blantyre kuli bungwe losamalira ziweto la BSPCA, ku Lilongwe kuli linzake la LSPCA, kwina yambirani kwa alangizi a ziweto ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu.

Gogo wa amphaka

Mwana wanga, nonse mwatanganidwa ndi galu, koma amene anayamba kudya ndi mphaka. Mphaka amalemera makilogalamu atatu kapena anayi okha, ndipo malinga nyambo ikadali kugolosale, azigwira makoswe ofookawo usiku uliwonse. Kudya pang'onopang'ono kobwerezabwereza kumeneko ndi kumene kumaunjika poizoni. Mukamapita ndi galu mutengenso mphaka, m'katoni yoboola kapena m'basiketi yotseka. Muzimuona nkhama mofanana, ndipo dziwani kuti mphaka akadwala amabisala pansi pa bedi kapena kudenga, sadandaula. Akasowa nthawi ya chakudya, mufunefuneni.

Mphaka musayese n'komwe kumusanzitsa pakhomo. Ndipo Panado asayandikire pakamwa pake: piritsi limodzi la paracetamol limapha mphaka, chifukwa chiwindi chake sichitha kuligaya. Mankhwala a nthata a agalu okhala ndi permethrin nawonso ndi poizoni kwa mphaka, ake ndi osiyana. Piritsi la njoka mugule la amphaka.

Za Toxoplasma ndionjezere pang'ono pa zimene anena achimwene a ku labotale. Kwa galu n'zoona si nkhani yaikulu, koma mphaka wodya makoswe ndi amene amatulutsa mazira ake m'chimbudzi. Mazirawo amayamba kupatsira pakatha tsiku limodzi mpaka asanu, choncho chimbudzi cha mphaka chizichotsedwa tsiku ndi tsiku, ndipo mayi woyembekezera asagwire ntchito imeneyo. Galu amene amakonda kufukula chimbudzi cha mphaka mumuletse, amabwera nazo pamlomo ndi paubweya kwa ana.

Achimwene a ku labotale

Agogo anena zoona za mphaka. Pa chiwewe, Mayi, musade nkhawa ndi khosweyu, makoswe ndi mbewa safalitsa chiwewe kawirikawiri. Koma mwati galu anabayidwa chaka chatha, onani tsiku pakhadi. Kuno timabayitsa chaka ndi chaka, ndi mphaka yemwe. Mukauzenso dokotala za nyamboyi asanamubaye jakisoni aliyense sabata ino, chifukwa galu amene magazi ake sakuundana amatha kutupa pobayidwapo.

Zikanasiyana chikanakhala kuti mphaka wabweretsa mleme. Mileme ina ya muno mu Africa imakhala ndi mavairasi a gulu limodzi ndi chiwewe. Mleme musaugwire ndi manja, wamoyo kapena wakufa, ndipo munthu ukamuluma kapena kumukanda atsuke balalo ndi sopo pamadzi oyenda kwa mphindi 15 n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo.

Mlangizi wa ziweto

Chotsala ndi gwero lake. Nyamboyo ikadzatha, makoswe odya poizoni azionekabe kwa sabata kapena awiri. M'mawa uliwonse, musanamasule galu, zungulirani bwalo, kuseri kwa khitchini, pankhuni ndi m'ngalande. Khoswe wakufa mutoleni ndi fosholo kapena jumbo kumanja, osati ndi manja chabe, chifukwa nthata zake zimadumphira munthu thupilo likazizira. Musamutaye kudzala, kumene galu, nkhuku ndi akadzidzi akamupeza. Mponyeni m'chimbudzi chokumba kapena mumukwirire dzenje lakuya theka la mita n'kuikapo mwala. Pamene panagona khoswe thiranipo Jik wosungunula, kapu imodzi ku makapu 9 a madzi, adikhepo mphindi 10 musanakolope. Usiku mphaka azigona m'nyumba kufikira nyamboyo itachotsedwa.

A golosalewo mukalankhule nawo bwinobwino, nawonso akuteteza katundu wawo. Apempheni kuti timabuloko tiziikidwa m'bokosi lotseka lokhala ndi timabowo tolowera khoswe yekha, tomangidwa ndi waya kuti khoswe asatikokere panja, ndipo azikuuzani tsiku limene aika. Galu kudya buloko lenilenilo ndi koopsa kuposa kudya khoswe: limodzi la magalamu 20 lili ndi 1 mg yonse, ndipo atatu okha afika pa mlingo wakupha uja. Mukaona chimbudzi cha galu chili ndi utoto wabuluu lero kapena mawa, ndiye kuti nyambo yalowa ndithu m'mimba mwake; chijambuleni mukamuonetse dokotala.